Amene mukuwaseka pa Namwera ndiwo aphunzitsi amene ana anu akusowa

Pa holide yapitayi ndinali kwathu ku Namwera, ndipo ndinapsa mtima pa sadaka. Ndikudziwa kuti pa sadaka si pokanganirana, koma zimene ndinamva kuseri kwa nyumba, kumene tinkapakula mpunga, zandikhala pakhosi mpaka lero. Nkhani inali ya amayi anga aang'ono. Ali ndi zaka 34, ana atatu, ndipo masana aliwonse akachoka pa msika amaika makope m'jumbo n'kupita ku sukulu ya open. Akufuna kukonza MSCE yawo kuti akalowe koleji ya uphunzitsi. Mayi wina, chipande chili m'manja, anati: "Munthu wamkulu ngati uja kukakhala pa desiki limodzi ndi ana obadwa dzulo? Akufuna aone chiyani? M'mera mpoyamba." Onse anaseka. Wina anaponyapo yake, kuti mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni akayamba kusamba masana n'kudzola mafuta, musamafunse kuti sukuluyo ndi ya mtundu wanji.

Ine sindinayankhe. Pagulu la azimayi aja ndine mwana, ndipo mwana amene wapita ku yunivesite akatsegula pakamwa amati sukulu yamulowa m'mutu. Ndinangopitiriza kutsuka mbale. Koma pano ndi panga, ndiye ndiyankhira pano.

Choyamba, amayi aang'onowa sanasiye sukulu chifukwa cha umbuli kapena ulesi. Anali Fomu 2 pamene anatenga mimba, ali ndi zaka 17. Lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka linalipo kale, chifukwa boma linaliika mu 1993, koma lamulo la papepala silikulerera mwana. Akuluakulu anakhala pansi, anaona kuti chanzeru n'chakuti akwatiwe, nkhani inathera pomwepo. Nthawi imeneyo kunalibe lamulo la 2015 loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo malamulo aakulu a dziko anadzasinthidwa pa nkhaniyi mu 2017. Ena mwa azimayi amene ankaseka pa sadaka paja ndi omwewo amene anavina pa ukwati wawo. Anawatulutsa m'kalasi ndi nthungululu, lero akuwaseka kuti akubwereramo mochedwa. Anachedwetsa ndani?

Koma sindikufuna kuti nkhaniyi ikhale yowamvera chisoni. Chisoni ali nacho chokwanira, safuna china. Chimene ndikunena n'chakuti munthu ngati iwowa ndi mphunzitsi amene Namwera ikusowa, ndipo tikamamuseka kumudzi, boma n'kumamutsekera chitseko kuofesi, oluza ndi ana athu omwe.

Ganizirani mwana wa zaka 6 wa kwa Jalasi kapena kwa Katuli amene akuyamba Sitandade 1. Kunyumba amayankhula Chiyao. Kumadrasa amamva Chiyao ndi Chiarabu. Madzi amawatcha mesi, khasu ndi lijela, nsima ndi ugali, ndipo akawerenga zala amati mcheche pamene buku likuti zinayi. Tsiku loyamba kusukulu akupeza mphunzitsi amene akumuyankhula Chichewa n'cholinga choti amuphunzitse Chingerezi. Zilankhulo ziwiri zachilendo tsiku limodzi, m'kalasi la ana oposa 100, ena atakhala pansi. Ine zinandichitikira. Teremu yonse yoyamba ndinkangoyang'ana milomo ya aphunzitsi n'kumabwereza mawu ngati chinkhwe. Ndinapulumuka chifukwa mayi anga ankayankhulako Chichewa kunyumba. Anzanga ambiri amene ndinayamba nawo anabwereza kalasi, kenako anabwerezanso, kenako anangosowa.

Vutoli si lachilendo kwa olamula. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Mu 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chiyao oti afike m'manja mwa mwana aliyense sanaoneke, ndipo aphunzitsi anapitirira kutumizidwa kulikonse mosayang'ana chilankhulo chimene amadziwa. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Mutha kukangana usiku wonse kuti mfundo yabwino ndi iti. Koma kaya mfundo ikhale yotani, m'kalasimo mukufunika munthu amene mwana akalira n'kunena chimene chikumupweteka, amve. Amayi aang'ono akhala akuphunzitsa ana a mkombaphala m'mudzi mwathu kwa zaka zisanu ndi ziwiri, osalandira ngakhale tambala. Amadziwa kumuchotsa mwana pa mcheche n'kumufikitsa pa zinayi osamuchititsa manyazi. Luso limeneli silili pa satifiketi iliyonse.

Chachiwiri n'chakuti munthu wotereyu sachoka. Tonse okulira ku Namwera timaidziwa nkhani yake: mphunzitsi watsopano amabwera kuchokera kutali, wachinyamata, wamphamvu zake. Akwera phiri la Chowe pa minibasi, atsika pa Namwera, akwera kabaza makilomita angapo, akupeza nyumba ya aphunzitsi kulibe, netiweki ya foni mpaka akwere pachulu. Chaka chisanathe wayamba kuyendera kalata ya transifa. Ngati ndi mtsikana, mumangomva kuti watsatira mwamuna ku Blantyre. Sindikuwanena. Inenso mutanditumiza kumudzi kwa eni, kumene sindimva chilankhulo, ndingachite chimodzimodzi. Boma linayesa kuwagwira ndi kandalama kapadera ka aphunzitsi akumidzi, koma kandalama sikamanga munthu miyendo. Chimene chimamanga munthu ndi munda, manda a makolo ndi ana. Kwathu kuno mwamuna ndi amene amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndiye mayi wa zaka 34 amene ali ndi munda wake ndi mbumba yake sapita kulikonse. Mukamuphunzitsa, mwaphunzitsira mudziwo.

Pali china chimene anthu akunja samvetsa za Mangochi. Amangoti Ayao sakonda sukulu, n'kutseka nkhani. Mbiri yake ndi yakuti m'nthawi ya atsamunda sukulu zinali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabwera ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Manthawo sanali opanda chifukwa. Anatha pang'onopang'ono, koma anasiya chipsera: mabanja ambiri alibe agogo kapena amalume amene anadyapo za sukulu, woti mwana amuloze. Amene ana amamuloza lero ndi mnyamata wobwera ku Joni pa Disembala, wavala jekete, wagula njinga yamoto, akumanga nyumba ya malata, ndipo sukulu anasiyira Sitandade 6. Mphunzitsi wochokera ku Ntcheu akauza mnyamata wa Sitandade 7 kuti sukulu ndi yabwino, mnyamatayo amamva ngati wailesi. Koma mayi wovala hijabu, amene amamuona pa mjigo, amene amapemphera mzikiti umodzi ndi amayi ake, akaima kutsogolo ndi choko, ndi nkhani ina. Mayi ameneyo akhoza kugogoda pakhomo la kholo n'kufunsa m'Chiyao chifukwa chake mtsikana sanabwerenso kusukulu chitulukireni ku nsondo, ndipo kholo limupatsa mpando. Achisilamu ena anaiona kale mfundoyi, n'chifukwa chake ku Mangochi komweku kuli koleji ya uphunzitsi ya atsikana ya Maryam. Koma koleji imodzi singakwanire boma lalikulu ngati lathuli.

Tsopano tibwere kwa a boma, chifukwa azimayi a pa sadaka amangoseka, alibe chidindo.

Zotsatsa zoitana anthu ku makoleji a uphunzitsi a boma zakhala zikuika malire a zaka, ndipo nambala imene aliyense wofuna malo amaidziwa ndi 35. Amayi aang'ono akuthamanga ndi nambala imeneyi ngati munthu wothamangira basi imene yayamba kale kuyenda. Tiyeni tiwerengere limodzi. Maphunziro a IPTE ndi a zaka ziwiri. Munthu wolowa ali ndi zaka 38 amatuluka ali ndi 40. Wogwira ntchito m'boma amapuma ali ndi zaka 60. Zatsala zaka 20 zathunthu za choko m'manja, pa sukulu imodzi, mibadwo 20 ya ana a Sitandade 1. Ndiuzeni, ndi achinyamata angati otumizidwa ku Namwera amene amakhalako zaka 20? Ngati nkhawa ya boma ndi yoti ndalama zophunzitsira munthu zibwerere, ndiye masamu akewo akupendekera kwa mayi wamkuluyu. Malire a zaka amaoneka achilungamo papepala chifukwa amagwira aliyense mofanana. Koma amene amafika mochedwa pa mzere si aliyense. Ndi mtsikana amene anakwatitsidwa, ndi mnyamata amene anakakhala zaka khumi m'maesiteti a fodya kapena ku Joni, ndi mwana woyamba amene anasiya sukulu kuti alere abale ake makolo atamwalira. M'mawu ena, ndi anthu a maboma ngati Mangochi, kumene aphunzitsi akusowa kwambiri.

Chondipweteka n'chakuti dziko lino linachitapo kale zimenezi pamene linapanikizika. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kunalibe nthawi yosankha nkhope. Boma linalemba anthu masauzande ambiri osaphunzira uphunzitsi, ena a JCE chabe, linawapatsa maphunziro a masabata ochepa n'kuwaponya m'makalasi. Kuyambira mu 1997 anawaphunzitsa kudzera mu MIITEP, miyezi yochepa kukoleji, nthawi yotsala ali pa ntchito. Anthu amainyoza MIITEP, ndipo zina mwa zonyozazo ndi zoona: inali yothamanga, oyang'anira sankafika m'sukulu zakutali. Koma ambiri mwa ife amene tikulemba maesei ku Zomba lero tinaphunzitsidwa kuwerenga ndi anthu amenewo. Mu 2010 kunabweranso ODL, imene inkatenga anthu a m'madera akumidzi kuti aziphunzira uphunzitsi uku akuphunzitsa pa sukulu za kufupi ndi kwawo. Ndipo m'zaka zomwezo a FAWEMA pamodzi ndi Open University ya ku Britain anayendetsa ndondomeko imene inali ngati yosokedwera amayi anga aang'ono: amayi akumidzi ankathandizira m'makalasi a ana aang'ono uku akuwerenga kuti alembenso MSCE, n'cholinga choti adzapikisane nawo pa malo a kukoleji. Nzeru ilipo, njira inayesedwa. Koma zinthu zotere kuno zimakhala ndi moyo wa pulojekiti. Ndalama za opereka thandizo zikatha, chimatsala ndi chikwangwani cha dzimbiri pamsewu.

Ndikudziwa chimene mnzanga wina wa m'kalasi adzanene akawerenga izi, chifukwa ananena kale tili pa mzere wa chakudya. Akuti: "Achinyamata amene anamaliza IPTE akhala zaka akudikira ntchito, ena anangolembedwa ngati aphunzitsi othandizira pa nthawi ya Covid. Iwe ukufuna tiwonjezere azimayi akuluakulu pa mzere womwewo?" Funsoli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. N'zoona, pali aphunzitsi ophunzira bwino amene akugulitsa mayunitsi. Koma taonani chodabwitsa chake: aphunzitsi ali pakhomo, pamene makalasi ali ndi ana oposa kawiri mlingo wa boma lomwelo wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Ndiye vuto si kuchuluka kwa aphunzitsi. Vuto ndi thumba la malipiro, komanso kagawidwe, chifukwa sukulu za pa boma ndi m'mphepete mwa tala zimakhala ndi aphunzitsi ogawana maphunziro pamene za kumapiri a kumalire ndi Mozambique mphunzitsi mmodzi amathamanga makalasi awiri. Kumuletsa mayi wa zaka 36 kulowa koleji sikulembetsa ntchito mnyamata ngakhale mmodzi. Kumangochotsa pa mndandanda munthu yekhayo amene akanavomera kupita ku sukulu imene ena onse akuikana. Ngati malo ndi ochepa, apikisane onse pa mayeso olowera. Wolephera alephere chifukwa cha mayeso, osati chifukwa cha chaka chimene anabadwa.

Ena amati mutu wa munthu wamkulu ndi wouma. Pamenepa ndinena zoona, chifukwa ndakhala nawo pa mphasa ndi nyali ya sola. Masamu amawavuta. Chaka chatha analemba MSCE, Chingerezi anapeza 5, Chichewa 3, koma masamu anapeza 8, ndipo pa mpikisano wa malo a kukoleji, kumene amayang'anitsitsa Chingerezi, masamu ndi sayansi, 8 sakufikitsa patali. Koma ndaona chimene chimawavuta, ndipo si ukalamba. Ndi zaka 14 zimene sanagwire buku, ndi kudzuka 4 koloko kukazinga mandasi, ndi kuphunzira masana ndi aphunzitsi amene atopa kale ndi makalasi a m'mawa. Sukulu ya open ndi yolipira, chifukwa ndalama za ophunzirawo ndi zimene amalipira aphunzitsi. Teremu ina anawabweza pa geti chifukwa cha fizi, pamaso pa ana a msinkhu wa mwana wawo woyamba. Anabwerera kunyumba, anagulitsa mbuzi, Lolemba anali pa desiki. Ine ndili ndi anzanga pano amene amalipiriridwa zonse koma kalasi ya 8 koloko amaiphonya chifukwa kunja kukuzizira. Musandiuze za mutu wouma.

Ndipo poti ndatchula anzanga, nafenso a ku yunivesite tili ndi mlandu. Timaunyoza uphunzitsi poyera. Amene anasankhidwa kuchita maphunziro a uphunzitsi timawafunsa kuti "zinavuta pati?" Uphunzitsi wa pulayimale ndiye sitiuwerengera n'komwe, timauona ngati kokwerera basi, poima pang'ono podikira ntchito ya ku bungwe. Ndiye pakapezeka munthu amene akuifuna ntchitoyi ndi mtima wonse, amene kwa iye kukhala PT4 ndi loto osati chilango, ife timakweza mapewa. Timalemba maesei okoma za maphunziro a mwana wamkazi, timagwira mawu a akatswiri a kunja, koma mwana wamkazi uja akakula n'kukhala mayi wa ana atatu timamuchotsa m'nkhani. Mabungwe nawonso chimodzimodzi: mabasale ndi a atsikana, zithunzi ndi za atsikana a yunifolomu. Mtsikana amene tinamulephera mu 2007 palibe amene akumufunafuna.

Timakonda nkhani za obwerera ku sukulu zikakhala za kutali. William Kamkwamba wa ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa cha fizi, anabwereramo, anamaliza ku Dartmouth mu 2014, ndipo tonse tinaonera filimu yake monyadira. Kimani Maruge wa ku Kenya anayamba Sitandade 1 mu 2004 ali ndi zaka 84, dziko lonse linaomba m'manja. Koma akakhala mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene tikudziwa kuti denga lake limadontha, timati akudzionetsa. Mwina chifukwa Maruge satiopseza. Mayi wa pafupiyu akapambana, funso limatembenukira kwa ife tonse amene tinati nthawi inatha.

Ndikuganiza kuti kuseka kwa pa sadaka kuja gwero lake ndi limeneli, ndipo n'chifukwa chake mkwiyo wanga pa azimayi aja umatha msanga kusiyana ndi mkwiyo wanga pa amuna. Bambo aang'ono ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Ndalama amatumiza mwa apo ndi apo. Atamva za sukulu anaimba foni usiku, ine ndili pomwepo, n'kufunsa kuti wawapatsa chilolezo ndani. Munthu amene sanapemphe chilolezo kwa aliyense pokwera basi ya ku Joni. Amayi aang'ono anayankha mofatsa kuti ana akudya, munda walimidwa, ndipo fizi sakupempha kwa munthu. Foni inadulidwa. Mawa lake nkhani inafika kwa amalume, eni mbumba, ndipo apa ndiyenera kuwayamikira. Amalume sanapite patali ndi sukulu, koma anamvetsera mbali zonse, kenako anati mlongo wawo akafuna kuphunzira aphunzire, ndipo amene ali ndi vuto abwere adzanene yekha pamaso. Mpaka lero sanabwere. Ndi amalume angati ku Namwera amene akanayankha choncho? Ndikudziwa azimayi awiri amene anayamba open limodzi ndi amayi aang'ono ndipo anasiya, osati chifukwa cha masamu, koma chifukwa cha foni yochokera ku Joni.

Zimene ndikupempha si zodula. Malire a zaka achotsedwe, kapena akwezedwe kwa anthu ovomera kukaphunzitsa kwawo kumudzi. Zaka zimene munthu wagwira mongodzipereka ku mkombaphala kapena ngati mphunzitsi wolipidwa ndi makolo ziziwerengedwa posankha. Kudziwa Chiyao kuzikhala ndi mtengo kwa wopempha kuphunzitsa ku Mangochi ndi ku Machinga, monganso Chitumbuka ku Rumphi kapena Chisena ku Nsanje. Koleji ya Machinga ili pafupi nafe, munthu akhoza kupita Lamlungu n'kumabwera kudzaona ana pakutha pa mwezi. Ndipo mashehe athu, amene mawu awo pa Lachisanu amalemera kuposa chikalata chilichonse cha unduna, anenepo poyera kuti mayi wopita ku sukulu masana sakuchita chamanyazi. Amatiphunzitsa kale kuti kufunafuna maphunziro ndi udindo wa Msilamu aliyense, mwamuna ndi mkazi. Angowonjezera kuti udindowo sutha munthu akabereka.

Tsiku loti ndibwerere ku Zomba amayi aang'ono anandiperekeza kokwerera minibasi, jumbo ya makope ili kukhwapa chifukwa ankapitirira kusukulu. Tinadutsa pa gulu la azimayi ogulitsa tomato, ndipo mmodzi anakuwa kuti, "Aphunzitsi, mwadzuka bwanji!" mwa chipongwe chija. Iwo anayankha moni bwinobwino, anafunsanso za ana, n'kupitirira. Nditawafunsa ngati sizimawapweteka, anati, "Mwanangu, dzinalo ndi lomwe ndikulifuna, angoyamba msanga kuitana." Kenako anandikumbutsa za mapepala a mayeso akale a masamu, makamaka a 2019 mpaka 2022, kuti ndiwapezere ndi mayankho ake. Ndawajambulitsa dzulo, ndiwatumiza Loweruka ndi kondakitala wina wa kwathu. Alembanso masamu ndi Biology chaka chino. Mu Novembala akwanitsa zaka 35.